Oimba a Dongo: Za Nyimbo ndi Maliro m'Dziko la China Kalelo

Ndikupemphani kuti mundilezere mtima, pakuti nkhani ndasenzayi ichokera kutali, kwa anthu amene chilankhulo chawo, zakudya zawo ndi mapembedzedwe awo zisiyana ndi zathu, ndipo makolo anatiuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndifuna kulankhula za chinthu chimodzi chimene ofukula zakale akhala akuchipeza kawirikawiri m'manda a ku China: gulu la oimba, ena osemedwa pamtengo, ena oumbidwa ndi dongo, ena ozokotedwa pamwala, atakhala pansi ndi zoimbira zawo m'manja, mumdima umene diso la munthu wamoyo silinayenera kuwaonamo konse. Mafunso anga ndi awiri, ndipo lachiwirilo ndilo landivuta mtima koposa: anawaikiramo chiyani, ndipo anapereka mtengo wa nyimbo zimenezo ndani?

Pakhomo penipeni pa nkhaniyi pali chodabwitsa. Mwambo wa Achina, monga anauphunzitsa Confucius, amene anakhala ndi moyo kuyambira chaka cha 551 kufika 479 Khristu asanabadwe, ndi monga unalembedwa pambuyo pake m'buku la miyambo lotchedwa Liji, unkalamula kuti panyumba ya maliro pasamveke nyimbo. Mwana wofedwa atate kapena amake ankavala chiguduli, kugona paudzu m'kachisakasa atatsamira chibuma cha dothi, kumwa phala lamadzimadzi, ndi kusiya zoimba zonse kwa nthawi imene ankaitcha zaka zitatu, ngakhale powerenga bwino inali miyezi 25, kapena 27 kwa ena. Lamulolo silinathere pa anamfedwa okha, pakuti ngakhale anansi, pakagwa zovuta pafupi nawo, sankaloledwa kuimba posinja kapena poyenda m'njira za m'mudzimo. Inu amayi amene mudziwa kuti munsi umapepuka ndi nyimbo, ndi ife tonse amene tinazolowera kuchezera pasiwa ndi nyimbo kufikira tambala atalira, tingaone kuti anthu awa anatenga njira ina: kwathu nyimbo ndiyo imachirikiza wolira, koma kwa iwo nyimbo inali chikondwerero, ndipo chikondwerero pamaso pa imfa ya kholo chinali chipongwe. Za Confucius mwini wake kunalembedwa kuti tsiku limene walira maliro sankaimba; ndipo pamene wophunzira wake Zai Wo anadandaula kuti zaka zitatu zichulukitsa, ndi kuti luso la nyimbo lidzaonongeka likasiyidwa nthawi yonseyo, mphunzitsiyo anamuyesa munthu wouma mtima, woiwala zaka zimene makolo ake anamufukata.

Komatu taonani, anthu omwewo otseka pakamwa pa amoyo ndiwo anadzaza manda ndi zoimbira. Mchitidwewu ngwakale kuposa mafumu ndi malembo omwe, pakuti ku Jiahu, m'chigawo cha Henan, m'manda a anthu amene anakhalako zaka zoposa 8,000 zapitazo, munapezeka zitoliro zobooledwa m'mafupa a mapiko a mbalame zazikulu za m'madambo, zitagonekedwa pambali pa eni ake, ndipo zina mwa izo zimalirabe munthu akaziuzira. Pofika nthawi ya mafumu a Zhou, nyimbo zinali zitasanduka chizindikiro cha ufumu. Mabelu amkuwa ndi miyala yolira yopachikidwa pamitanda sizinali za munthu wamba: mfumu yaikulu inkazipachika mbali zonse zinayi za bwalo lake, mafumu aang'ono mbali zitatu, nduna mbali ziwiri, wolemekezeka wotsika mbali imodzi, kotero kuti mlendo polowa ankadziwa ulemu wa mwini nyumba pongowerenga mitanda. Ndi zoimbira zimenezi ankaitana mizimu ya makolo kuti idzadye nsembe. Tsono munthu wotere akatsamira mkono, anthu ake ankati wangosamukira kunyumba ina, kumene adzafunabe kudya, kulandira alendo ndi kupembedza makolo ake. Ndipo kumutumiza kumeneko wopanda mabelu kukadakhala kumuvula ufumu pa tsiku la kuikidwa kwake.

Umboni woposa wonse wa zimenezi unatuluka m'chaka cha 1978 pa Leigudun, pafupi ndi mzinda wa Suizhou m'chigawo cha Hubei, kumene asilikali osalaza kaphiri kuti amangepo anagunda manda a Yi, mfumu ya kadziko kotchedwa Zeng. Mandawo anali nyumba yeniyeni ya zipinda zinayi, yomangidwa ndi matabwa ochindikala, ndipo inali yodzala ndi madzi. Pamene ofukula anayamba kupopa madziwo pang'onopang'ono, munatulukira poyamba mitanda, kenaka mabelu, ali chipachikire m'mizere itatu monga anawasiya adzukulu zaka 2,400 zapitazo. Analipo mabelu 65, olemera onse pamodzi makilogalamu oposa 2,500, lalikulu mwa iwo lokha loposa makilogalamu 200, ndipo limodzi linali mphatso ya Mfumu Hui ya ku Chu, lolembedwa chaka chimene ife tichiwerenga 433 Khristu asanabadwe.

Ndilolani ndikhalitse pa mabelu amenewa, chifukwa ndi ntchito yoti munthu aivulire chipewa. Pakamwa pake si pozungulira monga mabelu ena, koma mpophwatalala, pokhala ndi ngodya ziwiri, ndipo chifukwa cha kaumbidwe kameneka belu lililonse limatulutsa mawu awiri osiyana, lina ukaligogoda pakati, lina ukaligogoda chakumbali, popanda liwu limodzi kusokoneza linzake. Aphunzitsi a kwaya amene ali muno adzandimva ndikati mawu a mabeluwa akwera kuchokera pa do kufika pa do wina kasanu, ndi kuti m'chigawo chapakati muli mawu onse 12 amene limba la m'tchalitchi lili nawo pakati pa do ndi do. Pa mabeluwo amisiri analembapo, ndi zilembo zambiri zokutidwa ndi golide, dzina la liwu lililonse, ndiponso dzina limene liwu lomwelo linkadziwika nalo ku Chu, ku Jin, ku Qi ndi kwina, kotero kuti mfumuyo inatsikira kumanda itasenza buku la maphunziro a nyimbo lolembedwa pamkuwa. Pambali pake panali miyala yolira 32, ng'oma, zitoliro ndi zoimbira za nsambo, zonse pamodzi zoposa 120. Mitanda ya mabelu inasenzedwa ndi amuna 6 amkuwa, ovala mikanjo ndi malupanga m'chiuno, manja ali m'mwamba, nkhope zili phee. Ndipo ndikupemphani musunge amuna amenewa m'mtima, pakuti asonyeza kuti amisiri a ku Zeng anali okhoza kale kupanga munthu wopanda mwazi kuti atumikire m'manda.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. M'chipinda cha kum'mawa, pafupi ndi bokosi la mfumu, munali mabokosi ena 8, ndipo m'chipinda cha kumadzulo, kuseri kwa khoma la bwalo la mabelu, munali 13. M'onsewo munagona akazi, wamng'ono wa zaka ngati 13, wamkulu wosapitirira zaka 26, ndi galu mmodzi m'kabokosi kakekake. Mfumuyo inafa ili ndi zaka ngati 45. Palibe mliri umene umasankha atsikana 21 a nyumba imodzi pa nthawi ya maliro a mbuye wawo. Anaphedwa kuti amuperekeze. Akatswiri ambiri aganiza kuti a kumadzulowo anali oimba ndi ovina, ndipo m'bokosi la mmodzi wa iwo munapezeka kachotengera kosemedwa ngati bakha, kojambulidwa pambali pake woimba akugunda belu ndi mtengo wautali, chithunzi chimene chinathandiza ofukula kuzindikira kaimbidwe ka mabelu akuluakulu a mzere wapansi. M'tsinde mwa makoma munasiyidwa timakomo ting'onoting'ono kuti mizimu iziyenda chipinda ndi chipinda, mbuye akaitana, adzakazi nkubwera. Alendo amene amakhamukira ku Wuhan kukaona mabeluwa m'nyumba yosungiramo zakale ya chigawo cha Hubei amatama dzina la Yi, ndipo dzinalo lalembedwa pamkuwa kambirimbiri. La mtsikana aliyense silinalembedwe paliponse. Ine ndikhumba kuti powerenga chuma cha manda amenewa tiziyamba ndi iwo.

Yi sanali yekha pa zimenezi. Ku Anyang, m'manda a Fu Hao, mkazi wa mfumu ya Shang amene anafa cha m'ma 1200 Khristu asanabadwe, munapezeka anthu 16 omuperekeza; ndipo pamene Mfumu Mu ya ku Qin inafa mu 621 Khristu asanabadwe, anthu 177 anatsika nayo, mwa iwo abale atatu a banja la Ziche, amuna okondedwa kotero kuti anthu a ku Qin anawalira ndi nyimbo imene inasungidwa m'buku la Shijing. Dziko la Qin linaletsa mwambowo mu 384 Khristu asanabadwe.

M'zaka zomwezo ndimo munayamba kuchuluka m'manda tianthu tosemedwa pamtengo ndi toumbidwa ndi dongo, ndipo munthu akadayesa kuti aphunzitsi a chifundo atilandira ndi manja awiri. Sizinatero. Mencius, polangiza Mfumu Hui ya ku Liang, anakumbutsa kuti Confucius anatemberera munthu woyamba kupanga mafano a maliro otere, namufunira kuti afe wopanda mbumba, chifukwa anaika m'manda chinthu cha maonekedwe a munthu. Ndipo Liji iwonjeza kuti mphunzitsiyo ankayamikira zidole zaudzu zosaumbika bwino, poopa kuti fano lofanana kwambiri ndi munthu lili pafupi ndi kukwirira munthu weniweni. Mantha ake ndiwamvetsa, ndipo ndi mantha a munthu wolungama. Koma khasu la ofukula laonetsa kuti zinthu zinayenda mosiyana ndi mmene iye anaziganizira, pakuti kupha operekeza kunalipo zaka mazana ambiri mafanowo asanachuluke, ndipo pamene mafano anachuluka, mitembo ya operekeza inayamba kuchepa. Woumba amene anatembereredwa uja, kunena kwanga, ndiye anapereka dipo la woimba. Sindinena kuti zinasinthika usiku umodzi, kapena kuti fano lililonse linaombola munthu. Pa Nülangshan, m'chigawo cha Shandong, kagulu ka oimba ndi ovina adongo, osafika masentimita 10 kutalika, kanapezeka m'dzenje la mmodzi wa akazi ophedwa kuperekeza mbuye wawo, ndiye kuti pamenepo dongo ndi mwazi zinagona pamodzi. Koma mlingo unali utayamba kupendeka.

Chimene chinalimbitsa dzanja la woumba chinali chiphunzitso chozama chimene ndichiyesa nzeru yoposa zonse m'nkhaniyi. Aphunzitsi a mwambo anati kuchitira wakufa monga wafadi, osamupatsa kanthu, ndi nkhanza, koma kumuchitira monga wamoyo ndi kupusa. Chotero zinthu za m'manda, zimene ankazitcha mingqi, ziyenera kukhala ndi maonekedwe koma zopanda ntchito. Zeze akhale ndi nsambo koma zosakungidwa bwino, chitoliro chikhale chathunthu koma chosagwirizana mawu, mabelu aikidwe koma opanda mitanda yake. Xunzi, amene anakhalako zaka za m'ma 200 Khristu asanabadwe, anaphunzitsa chimodzimodzi. Taganizani chimene chiphunzitsochi chinatanthauza kwa mdzakazi wodziwa kuimba: ngati zeze wa m'manda safunika kulira, zala zomuliza sizifunikanso kukhala zamnofu. Analipo ena amene anakana zonse. Mozi anadzudzula maliro odula ndi nyimbo za m'mabwalo a mafumu pamodzi, nati zonsezi zitha chuma cha anthu osauka ndi kuchotsa alimi m'minda. Anzake ophunzira anamunyoza kuti ndi munthu wosadziwa kukoma kwa zinthu, koma wamisala anaona nkhondo, pakuti manda olemera ambiri anathyoledwa ndi mbala, ena mafupa a eni ake asanaume. Ndipo za Zhuangzi kunasimbidwa kuti mkazi wake atamwalira, bwenzi lake Huizi lodzapepesa linamupeza atakhala pansi akuomba mphika ndi kuimba, popeza iye ankayesa imfa kusintha konga kwa nyengo. Awiriwa anamveka, koma olemera sanawatsate.

Za Qin Shi Huang, mfumu yoyamba kulamula China yense, imene inafa mu 210 Khristu asanabadwe, ndidutsapo msanga, chifukwa asilikali ake adongo ngati 8,000, amene alimi okumba chitsime anawatulukira pafupi ndi Xi'an mu 1974, mwawaona kale pazithunzi. Chosadziwika kwambiri ndi chakuti m'maenje ena munapezeka mafano a amuna ochita masewero a mphamvu, ndipo m'dzenje lina atsekwe ndi mbalame zina zamkuwa 46 m'mbali mwa kamtsinje kochita kukumba, pamodzi ndi amuna adongo 15 amene ena aganiza kuti anali oimbira mbalamezo. Komabe mfumu yomweyo, monga analemba Sima Qian, inatsika ndi akazi ake onse osabala ndi amisiri odziwa zinsinsi za mandawo. Ngakhale mu 122 Khristu asanabadwe, kum'mwera kwenikweni kumene lero kuli Guangzhou, Zhao Mo, mfumu ya Nanyue, anaikidwa ndi anthu 15, mmodzi wa iwo atagonekedwa m'chipinda cha mabelu ndi miyala yolira, ndipo akuyesedwa kuti anali woimba wake.

Kuti muone njira yatsopano itakhwima, tiyeni ku Mawangdui, pafupi ndi Changsha, kumene mu 1972 kunafukulidwa manda a Xin Zhui, mkazi wa Li Cang, nduna yaikulu ya kumeneko m'masiku a mafumu a Han. Mayiyu atchuka chifukwa mtembo wake unapezeka wosaola, njere za vwende zili m'mimba. Koma ine chipinda chakumpoto ndicho chindikhudza. Makoma ake anaphimbidwa ndi nsalu za silika, pansi panayalidwa mphasa, ndipo kumbali imodzi kunakonzedwa pokhala, ndi chotchinga kumbuyo, chotsamira mkono, ndodo yoyendera, ndi mbale za chakudya patsogolo. Pokhalapo panalibe munthu, pakuti anakonzera mzimu wa mwini wake. Moyang'anana napo panali ovina, oimba pakamwa, ndi oliza zoimbira asanu ogwada, atatu ataweramira pa bangwe wawo wamkulu wotchedwa se, awiri akuuzira chitoliro cha mabango ambiri chotchedwa yu. Onsewa anali amtengo. M'manda oyandikana nawo, a mwana wa banja lomwelo amene anaikidwa mu 168 Khristu asanabadwe, munapezeka mndandanda wa katundu pamodzi ndi kalata yopita kwa akuluakulu a kudziko la akufa, ndipo mndandandawo uwerenga oimba a ku Chu ndi ovina a ku Zheng ndi a ku Hejian monga anthu, wakuti ndi wakuti angapo. Koma m'mandamo munalibe fupa la woimba ngakhale limodzi, munali mitengo yosemedwa ndi kuvekedwa. Kapitawo wa panyumbapo analembera a kumanda kuti watumiza anthu, natumiza mitengo, ndipo palibe amene anakuyesa kunyenga. Oimba enieniwo anabwerera kwawo kukadya mgonero.

Dongo litamasulidwa chotero, linayamba kuseka. M'manda ogobedwa m'thanthwe pa Tianhuishan, pafupi ndi Chengdu, munatuluka mu 1957 fano la masentimita 56 la nthawi ya Han yachiwiri, pakati pa zaka 25 ndi 220, limene lero lisungidwa ku Beijing: mwamuna wamfupi, wamimba, wosavala malaya kapena nsapato, kang'oma kali m'khwapa lamanzere, kamtengo koombera kali m'dzanja lamanja, mwendo umodzi atauponya m'mwamba mpaka kuonetsa kuphazi, mphumi ili makwinya okhaokha ndi kuseka. Ndi wanthabwala wofika pachimake pa nthano yake. Amene anamuika m'mandamo sanalingalire za nsembe za makolo kapena za kuwerenga mitanda. Anangofuna kuti atate awo asasungulumwe. Ndipo pamwamba pa nthaka napo lamulo la chete linali kutha mphamvu, pakuti m'buku la Yantie lun, losimba mtsutso umene unachitika ku likulu mu 81 Khristu asanabadwe, ophunzira anadandaula kuti anthu a masiku awo ankapita pamaliro kukafuna mowa ndi nyama, ndi kuyembekeza nyimbo, magule ndi anthabwala.

Panalinso nyimbo ina imene mwambo sunathe kuiletsa, ndiyo ya okoka ngolo ya maliro, amene anagwira zingwe ndi kuimba kuti mapazi ayendere pamodzi. Mbiri yakale inkati nyimbo zotere zinayamba ndi anthu a Tian Heng, kalonga wa ku Qi amene anadzipha mu 202 Khristu asanabadwe pokana kugwadira mfumu yatsopano ya Han, ndi kuti anthu akewo, poopa kulira poyera, anabisa misozi m'nyimbo. Pambuyo pake Li Yannian, woimba wa Mfumu Wu, anaigawa pawiri, Xielu ya olemekezeka ndi Haoli ya anthu otsika. Olemekezeka ankapatsidwanso ndi mfumu gulu la ng'oma ndi malipenga lokwera pa akavalo, ndipo magulu amenewa ndiwo tiwaona ataumbidwa m'mizere m'manda ambiri. Pamene Pingyang, mwana wamkazi wa mfumu yoyamba ya Tang, anamwalira mu 623, atate ake Gaozu analamula kuti aperekezedwe ndi gulu lotere. Oyang'anira miyambo anatsutsa kuti mkazi sanachitiridwepo zimenezo, koma mfumu inawakumbutsa kuti nyimbozo ndi za nkhondo, ndi kuti mwanayo anasonkhanitsa yekha gulu la nkhondo naliombera ng'oma pothandiza atate ake kutenga ufumu. Pofika pakati pa nthawi ya Tang kuimba maliro kunali ntchito yolipidwa, ndipo Bai Xingjian, m'nthano yake ya Li Wa, asimba za mwana wa nduna amene anamwaza chuma chake ku Chang'an, nakhala woimba wa ogulitsa zamaliro, napambana mpikisano wa nyimbo zachisoni pakati pa sitolo ya kum'mawa ndi ya kumadzulo pamaso pa chinamtindi cha anthu. Ndi nthano, indedi, koma wolemba nthano sapeka malonda amene owerenga ake sanawaone.

Munthu mmodzi anapeza njira yachitatu, ndipo sindidziwa ngati ndimuyamike kapena ndimudzudzule. Cao Cao, mkulu wa nkhondo amene anafa mu 220, analamula kuti aikidwe m'zovala wamba, popanda golide kapena miyala yamtengo wapatali. Koma analamulanso kuti akazi ake aang'ono ndi oimba ake akhale pa nsanja ya Tongque mumzinda wa Ye, aike kama ndi chinsalu chotchinga, azipereka chakudya m'mawa ndi madzulo, ndipo tsiku loyamba ndi la 15 la mwezi uliwonse aziimba ndi kuvina atayang'ana chinsalucho. Akazi ake osowa chochita anawalangiza kuti aphunzire kusoka nsapato zogulitsa. Sanawaphe, koma kuvinira kama wopanda munthu kawiri pamwezi kufikira imvi zitamera ndi moyo umene alakatuli a mibadwo yotsatira anaulira koposa kuusirira.

Luso la oumba linafika pachimake m'masiku a Mfumu Xuanzong, pamene anadziwa kupaka dongo mankhwala a mtovu otuluka m'moto achikasu, obiriwira ndi oyera, akuyenderera pa thupi la fano. M'manda a kazembe wa nkhondo Xianyu Tinghui, woikidwa ku Chang'an mu 723, munapezeka mu 1957 ngamila itatukula mutu, itasenza pamsana amuna asanu pa chofunda chamawangamawanga, anayi atakhala, mmodzi ataimirira pakati akuvina. Atatu mwa iwo ndi andevu zambiri ndi mphuno zazitali, anthu a maiko a kumadzulo amene ankabwera ndi amalonda a silika, ndipo mmodzi agwira zeze wotchedwa pipa, amenenso anachokera komweko. Ngamila yeniyeni singasenze bwalo la gule lotere. Woumba anali atasiya kutsanzira, akupeka. Boma linayesa kuika malire, kuti nduna zapamwamba zisapitirire zinthu 90 ndi zotsika 40, koma mabanja ankayendetsa mafanowo m'misewu poyera asanawakwirire, kuti anansi aone, ndipo lamulo lolimbana ndi kudzionetsera silikhala ndi mano. Chimene lamulo linalephera, nkhondo ya An Lushan ya mu 755 inachita, pakuti itatha, mafano okongola chotere anachepa.

Gulu lotsiriza limene ndikuonetsani lili ku Chengdu, m'manda a Wang Jian, msilikali amene anatumikira mfumu ya Tang nadzadzipangira ufumu wake wa Shu, namwalira mu 918. Anthu a mumzindawo ankayesa chulucho malo amene mlakatuli Sima Xiangru ankaimbirapo zeze, kufikira pamene okumba pobisalira mabomba anachigunda mu 1940, ndipo Feng Hanji anachifukula kuyambira 1942. Kuzungulira nsanja yamwala imene panagona bokosi pazokotedwa akazi 24, awiri ovina ndi 22 oimba, ena ndi ng'oma zamitundumitundu, wina ndi pipa, wina akuuzira chigoba cha nkhono ya m'nyanja, wina ataika tsamba pamilomo. Ndipo wosemayo anasamala kagwiridwe ka chala chilichonse, kotero kuti ofuna kudziwa maimbidwe a m'bwalo la Tang amapita kukaphunzira pamenepo. Kuchokera pa atsikana 21 a ku Zeng kufika pa akazi 24 amwala amenewa papita zaka 1,350, ndipo chokhumba cha mfumu chili chimodzimodzi, kugona pakati pa nyimbo. Chasintha ndi chakuti amene akuimbira Wang Jian anatuluka m'dzanja la wosema miyala.

Ndikadakonda kuimira pamenepa, ndi kungowonjeza kuti kuyambira nthawi ya Song dongo linayamba kusiyira malo pepala, anthu akumatentha pamanda nyumba, akavalo ndi antchito apepala, monga ambiri achitabe lero. Koma madzi saiwala khwawa. Hongwu, mfumu yoyamba ya Ming, atamwalira mu 1398, akazi ake ambiri anakakamizidwa kumutsata. Ndipo mabuku a mbiri a ku Korea asimba kuti pa imfa ya Mfumu Yongle mu 1424 akazi oposa 30 anadyetsedwa chakudya, nalowetsedwa m'chipinda, napachikidwa, mwa iwo mayi wina wa ku Korea wa banja la Han. Zimenezi zinachitika m'dziko lodzala ndi oumba ndi osema, pakati pa nduna zoloweza mabuku onse amene ndatchula aja. Mfumu Yingzong ndiyo inaletsa mwambowo ili pa mphasa ya imfa mu 1464, niuza ana ake kuti uthere pa iyo. Ndipo Amanchu atalanda dziko nabwera ndi mwambo wawo wofanana nawo, Mfumu Kangxi inayenera kulembanso lamulo mu 1673, loletsa akapolo kutsata ambuye awo kumanda.